Ndinapeza Atandilira Kale

Maganizo ochoka anandibwerera ndili pambuyo pa mbuzi. Inali mbuzi ya a Fombe, mchimwene wa mkazi wanga, ndipo inali italowa m'mapira a eni. A Fombe ali khale pamthunzi anangoloza ndi mlomo n'kunena kuti, "Alamu, taonani icho," ine n'kuliyatsa liwiro anthu akuseka. Ndinali mkamwini wa zaka zinayi pamudzi uja, chakumadzulo kwa Ngabu, ndipo ntchito iliyonse yotopetsa inkadziwa dzina langa: kusosa, kupalira thonje, kulitola dzuwa la kuchigwa lija likuwotcha mpaka m'mafupa, kulisenza kupita nalo kumsika. Chaka chikatha, zomwezo n'kuyambiranso. Pomwe ndinkaigwira mwendo mbuzi ija n'kuti nditatsimikiza kuti ine Bitoni sindinabadwire zimenezi, ndipo ndipita ku Halale komwe amuna anzanga ankabwerako atavala masuti.

Dziko linali litangolandira ufulu, koma msonkho unali pomwepo, ndipo pamwamba pake panabwera khadi la chipani. Mkazi wanga ndinamuuza kuti zimenezi ndizo zikundichotsa. Anali akupeta mchewere, mwana wathu Malita, wa zaka zitatu, atatsamira pamwendo pake.

"Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka," anatero osandiyang'ana. "Pitani. Koma ndalama zikasowa, kalata yokha izibwera."

Ndinalonjeza, ndipo tsiku limenelo ndinkanenadi zoona.

Sitima ndinakwerera pa Bangula. M'menemo ndi momwe ndinadziwana ndi Zuze, Msena wa kutsidya kwa Shire, yemwe ankathawa ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi. Analibe chitupa, kapepala komwe popanda iko munthu wakuda sakanalembedwa ntchito kudziko lija. Momwe anadutsira pachipata ankadziwa yekha. Ine ndinalembedwa pamgodi wina, iye n'kumagona mozemba m'chipinda chathu, masana akusaka maganyu.

Pansi pamgodi ndinapirirapo chaka ndi theka, ndipo palibe tsiku lomwe ndinatsika wopanda mantha. Ndalama ndinatumiza katatu, ulendo uliwonse ndi kalata yodzitama. Kenaka ndinamva kuti m'tauni muli mzungu wofuna munthu wa m'nyumba. Kuthawa pamgodi kunali mlandu, choncho ndinagula chitupa china cha dzina la Pitala kwa mkulu wina wodziwa njira zake, changa n'kumupatsa Zuze kuti alowe m'malo mwanga. Azungu a pamgodi ankadziwa nambala, osati nkhope, ndipo kapitawo tinamutseka pakamwa ndi kangachepe. Zuze anandigwira manja onse awiri.

"Takhuta, shamwali, takhuta maningi," anandithokoza m'chinenero chakwawo, misozi ili m'maso. Ndinachoka ndikudziona ngati munthu wachifundo kwambiri.

Achinyamata a masiku ano akandifunsa kuti ku Halale ndinkagwira ntchito yanji, sindibisa. Ndimawauza kuti ndinathawa kuthamangitsa mbuzi ya mlamu wanga n'kukasambitsa galu wa mzungu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana, m'mawa kupukuta pansi ndi polishi, kuchapa, kusita, mawa lake chimodzimodzi. Malipiro ankathera m'manja. Ndinati ndidzalemba kalata ndikapeza koikamo, mwezi n'kutha, wina n'kutha. Kalata yochedwa mwezi umodzi imalembeka, koma yochedwa zaka zitatu umayamba ndi mawu oti chiyani? Lamlungu ndinkapita kumowa kukakhala pafupi ndi aliyense wolankhula chakwathu, ngakhale chidakwa chotukwana, bola ndimve mawuwo. Ndinakhalapo ndi mayi wina wa konko zaka zitatu, iye n'kutopa nane. Ndinali wosungulumwa mpaka ndinkalankhula ndi galu uja Chimang'anja. Anthu onga ife kwathu ankatitcha matchona, ndipo dzinalo linandikwana.

Nkhondo ya kumeneko itatha, abwana anga analongedza n'kulowera kumwera. Ndinatsala ndi sutukesi, jekete lomwe anandisiyira ndi njinga. Zinali zitakwana zaka khumi ndi zisanu. Ndinagula nsalu ziwiri, ina ya amake Malita, ina ya Malita, ndipo njira yonse ndinkakonza bodza loti ndikanene. Pa Ngabu nditangotsika basi, achinyamata a chipani anandiimitsa kuti ndionetse khadi. Ndinagula pomwepo n'kulembetsa dzina langa lenileni, ndipo mtima unakhala pansi kumva munthu akunditchulanso kuti Bitoni.

Pafupi ndi mudzi panali pataikidwa mjigo, amayi ali pamzere. Ndinatsika njinga n'kupereka moni mwaulemu. Mayi wina wachikulire, yemwe kale tinkayandikana minda, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ndowa inagwa pamutu pake. Anathawa akulira, enawo n'kumutsatira, zidebe zili mbwee. Ndinayang'ana kumbuyo kuganiza kuti mwina kwatuluka njati. Kunalibe kanthu, ndinalipo ndine.

Patapita nthawi kunabwera a Fombe, imvi zili mbuu, ndodo m'manja. Anaima patali.

"Ngati ndinu mzukwa, bwererani komwe mwachokera," anatero. "Sitinakulakwireni. Mowa wanu tinafulula, chilichonse tinachita."

"Alamu, ndine Bitoni. Wamoyo."

Anandiuza kuti ndikwinye buluku aone chipsera cha khasu chomwe ndili nacho pamsongolo. Atachiona anakhala pansi padothi pomwepo. Nkhani anandifotokozera tili chotalikirana choncho. Zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo kunabwera mesenjala wa kuboma ndi kalata komanso kamtolo. M'kamtolomo munali bulangete, nsapato ndi chitupa changa. Kalatayo inati Bitoni wa kwa Ngabu wamwalira, mwala unamugwera pansi pamgodi, ndipo anaikidwa konko. Poti thupi panalibe, anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'bulangete lija, n'kukaliika kumanda monga mwa mwambo. Anthu analira, anameta, mkazi wanga anamumasula, ndipo patatha zaka ziwiri anakwatiwa ndi mwamuna wina. Anali naye ana anayi.

Choyamba kundibwerera sichinali mkazi wanga ayi, anali Zuze. Mwala umene uja unali wanga, ndipo ndinamupatsa ndi manja anga, iye akuthokoza. Kutsidya kwa Shire kunali mayi yemwe ankadikirabe mwana wake, pamene kuno anthu analira munthu woti akusita malaya a mzungu. Ngakhale dzina la mudzi wake sindinamufunsepo. Mpaka lero chimenechi chimandidya.

Munthu woti anamulira maliro salowa m'mudzi chilowelowe. Ndinakhala masiku atatu m'chisakasa cha kumunda mpaka anapeza sing'anga wodzandisambitsa mankhwala. Tsiku lachitatu amake Malita anabwera ndi madzi akumwa n'kugwada chapatali. Bodza lonse lomwe ndinakonza m'basi linandithawa.

"Tinakulirani bwino, abambo a Malita," anatero. "Palibe chomwe tinasiya." Anaika madziwo pansi. "Mukanangolemba."

Za iwo ndinadziwa kuti zatha, ndipo sindikanadandaulira munthu. Chomwe chinanditsalira padziko lonse anali Malita. Anali mayi tsopano, wa mwana mmodzi, mwamuna wake akugwira ntchito kuminda ya nzimbe n'kumabwera pakutha pa mwezi. Koma Malita sanabwere kudzandipatsa moni. Nditafunsa, a Fombe ananditengera kuseri kwa nyumba yake, pomwe panali mtengo wa bwemba. Patsinde pake panali posesa bwino, kamphika kadothi kali pomwepo, ndi ufa woyera wothiridwa kumene.

"Apa ndi panu," anatero a Fombe.

Anandiuza kuti kuyambira Malita ali wamng'ono, amake anamuphunzitsa kuthira nsembe kwa mzimu wa bambo wake, ndipo iye anazigwira ndi mtima wonse. Atadwala chikuku, anakadandaulira mzimu wangawo pamtengopo, n'kuchira. Chaka chomwe madzi anasefukira n'kukokolola minda, anandipempha, nyumba yawo n'kutsala. Pobereka zinthu zitavuta, anakuwa dzina langa, mwana n'kubadwa, ndipo mwanayo anamutcha Bitoni. Mbiri inamveka, moti ena a pabanja nawonso anayamba kubwera ndi kaufa kawo thonje likagwidwa ndi mbozi.

"Kunena zoona, alamu," anatero a Fombe akukanda m'mutu, "mutamwalira munasanduka munthu wothandiza kwabasi."

Sanali kuseka, ndipo inenso sindinaseke. Ndinayamba kuwerengera m'mutu kuti chaka cha chikuku ndinali kuti, chaka cha madzi ndinali kuti. Ndinali kumowa. Ine ndinapita kutali kukafuna chomwe ndinabadwira, osadziwa kuti kwathu kuli Bitoni wina yemwe anachipeza kalekale ali phee pansi pa bwemba. Ndinachita manyazi, ndipo ndisaname, ndinachitanso nsanje ndi thunthu la nthochi.

Madzulo ake ndinalimba mtima n'kupita ndi nsalu ija. Malita anatuluka mwana ali kumsana, nkhope yake ya mayi anga yeniyeni. Anagwada monga achitira kwa mlendo, nsaluyo osailandira.

"Mwanawe, ndine bambo wako."

"Ababa anga ali apo," anatero akuloza mtengo uja. "Inu sindikudziwani."

"Koma amene aja sayankha."

"Sayankha, inde. Koma sindinapitepo n'kupeza atachoka."

Ndinabwerera kuchisakasa n'kuyamba kumanga sutukesi panjinga. Ndinati bola ku Blantyre, ulonda sungasowe. A Fombe anandipeza ndikukoka chingwe, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pitani, alamu, njira mukuidziwa. Koma mudziwe kuti nthochi ina sitidulanso."

Chingwe chija ndinachimasula. A Fombe anandipatsa kamalo pafupi ndi khola lawo, ndipo ndinamanga kanyumba ka bango. Sindinachite dala, koma kanyumbako kanali moyang'anana ndi bwemba uja, ndipo Malita akamathira ufa m'mawa ankalankhula mokweza, monga anazolowerera. Tsiku lina ndinamva akuti, "Ababa, chiswe chadya mizati ya nkhokwe, yapendekeka, ndipo bambo a mwanayu abwera mochedwa." Ndinadikira kuti apite kumunda, ndinabwereka nkhwangwa, ndipo pomwe ankabwerako nkhokwe inali itaima pamizati yatsopano. Anaizungulira kawiri.

Kuyambira pamenepo ndinalowa ntchito. Bwana wanga anali mtengo. Malita akanena pamtengopo kuti denga likudontha, ndinkapita kukamweta udzu. Akanena kuti mpope wopopera thonje ukumulemera, m'mawa mwake ankapeza mizere itapoperedwa, ine msana uli phwii ndi fungo la mankhwala. Mbalame zitagwa m'mapira, ndinakhala pansanja milungu itatu ndikukuwa ngati wamisala. Malita si wopusa, ankadziwa bwino yemwe akuchita zimenezi. Tikakumana panjira ankangopatuka n'kuwomba m'manja pang'ono. Nthawi zina ndinkaona kuti akukweza mawu kuposa kale, koma ufa ankathirabe pamtengo.

Chodabwitsa n'chakuti zinali ntchito zomwe zija ndinazithawa, dzuwa lake lomwe lija, koma ndinkadzuka tambala asanatsike, ndili ndi chidwi chofuna kumva kuti lero kuli chiyani. M'zaka zonse za ku Halale sindinadzukepo choncho. Ndinazindikira mochedwa kuti kwathu sankadikira suti kapena njinga. Ankangofuna munthu woti akamufuna azimupeza, ndipo nditakana ine, anapeza mtengo. Ndinasangalala, ngakhale zinkawawa kuti mwana wanga sananditchulebe kuti bambo.

Dzinja linatha, thonje tinatola, kunayamba kutentha kwa mwezi wa khumi. M'mawa wina ndili pakhomo kunola khasu, ndinaona Malita akutuluka ndi kambale ka ufa, mwana ali lende kumsana. Anafika pabwemba n'kuima. Ndinatchera khutu monga mwa masiku onse, koma sanalankhule. Anaima choncho kanthawi, kenaka anatembenuka, kudutsa pabwalo, n'kudzagwada patsogolo panga. Kambale kaja anakaika pansi.

"Ababa, mwana watentha thupi, akukana kuyamwa. Panjinga yanuyi tingafike pa Ngabu dzuwa lisanakwere?"

Ndinangotulutsa njinga n'kupopa matayala, iye n'kukwera kumbuyo. Ndinapalasa ngati mnyamata, mchenga osaumva.

Tinabwerako madzulo, mwana atabayidwa jekeseni, thupi litayamba kuzizira. Ufa uja tinaupeza pomwe anausiya, nkhuku zitajomphako pang'ono. Malita anausefa, anasonkha moto pakhomo panga pomwepo, n'kuphika phala. Tinamwa atatu.