Dona Amene Ankanyamula Magolovesi a Mfumukazi

Ine sukulu ndinalekera sitandade thuu, koma mapazi amene anaponda m'nyumba ya mfumukazi ndawadzolapo mafuta, ine ndemwe wa ku Ndirande, ndi manja angawa.

Ndinkachapa ndi kusita kwa dona wina wokalamba wa ku Mangalande, kumayadi. Ali mtsikana, ankakhala kunyumba yachifumu kwawoko. Ntchito yawo inali kuima kumbuyo kwa mfumukazi, kunyamula magolovesi, kulandira maluwa. Bambo awo ndiwo anawapereka, ndipo banja lonse linakwera: mlongo wawo anapatsidwa udindo, mng'ono wawo anakwatiwa ndi mwini minda.

Miyendo itayamba kukana, donawo anati akubwerera kwawo, ndipo akufuna kutenga mdzukulu wanga wamkazi, amene ndinamulera mayi ake atamwalira. Aziwagwira mkono, aziwayendetsa.

Achimwene anga anachita kuvina. "Chemwali, mwana akakwera ndege tonse takwera. Mukufuna akalambire pa tomato kumsika?"

Ndinavomera pakamwa pokha. Pasipoti inatuluka. Sutikesi inalowa pansi pa bedi langa, yakuda, yaitali, ndipo posesa ndinkailambalala.

Tsiku lina ndikuwadzola kumapazi ndinafunsa, "Dona, nanga mayi anu ankakuonani kangati?"

Anayang'ana kudenga. "Uthenga woti akudwala unandipeza tili pa ulendo ndi mfumukazi. Kumeneko munthu supempha kuchoka. Umadikira akuuze."

"Anakuuzani?"

"Patatha milungu itatu. Ndinakapeza maluwa a pamanda atauma."

Sanalire ayi. Ananena ngati akundiuza kuti sopo watha. Kenaka anamwetulira. "Mtsikana wanu ali ngati ine. Sadandaula. Adzaitha ntchito."

Ndinasiya kuwadzola, mafuta ali m'zala. Minibasi sindinaidikire. Ndinayenda wapansi, ndinayenda, ndinayenda mpaka kunyumba, ndinakoka sutikesi ija n'kukhuthulira zovala zonse pamkeka.

Mdzukulu wanga analira, mwezi wathunthu osandiyankhula. Achimwene mpaka lero moni wawo ndi wa mphuno. Dona anapita ndi nesi wolembedwa, ine ntchito inathera pomwepo.

Mwina ndinamutsekera mwayi mwanayu. Iye amatero tikayambana, ndipo sindimutsutsa. Koma chaka chatha mutu utandizungulira, n'kugwa pampopi ndowa ili kumutu, iye atangomva sanadikire kuti wina amuuze kuti apite. Anasiya tomato pabenchi, anathamanga wopanda nsapato, ndipo potsegula maso ndinapeza mutu wanga uli pamiyendo pake, iye akundikalipira kuti bwanji sindinamwe mankhwala.