Amene Anasambitsa Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma ndinali ndisanaonepo maliro a pamudzi. Kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, kumene ndinakulira, munthu akamwalira ankaikidwa mwachangu. Katekista ankawerenga pemphero, amuna a nyumba zoyandikana ankakumba, kenako aliyense ankabwerera kuntchito zake. Choncho maliro oyamba amene ndinawaona ndi mwambo wake wonse anali a atate anga, miyezi yochepa titabwerera kwathu kufupi ndi Malowera, m'boma la Maravia.

Atate anali a Zeka, okonza njinga ndi mawailesi. Bambo awo anali Mpwitikizi wa loja, ndiko kuti sitolo, amene anachoka osatsazika dziko litalandira ufulu, ndipo mayi awo anali Mchewa wa m'mudzi womwewo. Khungu la atate linali loyera moti dzuwa lachilimwe linkawafiiritsa khosi ndi makutu. Ine ndinatengera iwo tsitsi ndi mphuno, ndipo anthu ankatitchula kuti amulatu, kutanthauza makaladi. Atate sankadandaula nalo dzinali. Ankayenda opanda nsapato ngati anzawo, ankakumba mbewa ngati anzawo, ndipo Chipwitikizi chawo chinkathera pa moni.

Kamiyau, lole imene inatibweretsa, inatitsitsa ndi makasu, mbewu ndi lona wofolera. Mudzi tinaupeza uli tchire, mitengo ya mango yokha ndiyo inkasonyeza pamene panali nyumba. Agogo, mayi a atate, anali atamwalirira ku Zambia, koma dimba lawo la m'mphepete mwa mtsinje linalipo. Vuto linali loti mwamuna wina amene sanathawe nkhondo anali atalilima zaka zonsezo. Dzina lake sindilemba, chifukwa ana ake alipo ndipo iwo sanalakwe.

M'mawa wina ndinaperekeza atate kudimbako nditasenza beseni la mbewu. Iwo anatenga zikhomo kuti agawe dimbalo pakati, theka lawo, theka la mwamunayo. Tinamupeza akudula bango ndi nkhwangwa.

"Mwana wa Mpwitikizi alibe munda kuno," anatero. "Pita kwa abambo ako ku Lisiboa."

Atate anaseka pang'ono. "Achimwene, mchombo wanga amayi anaukwirira pansi pa mkuyu uwo. Ku Lisiboa akandidziwa ndani?"

Anawerama kuti akhome chikhomo. Phokoso limene ndinamva linali ngati la chikho chouma chikapondedwa. Nkhwangwa inakwera, n'kutsikanso. Atate anagwa chafufumimba m'ngalande, miyendo ikuphiriphitha, zala zikukanda matope. Madzi a m'ngalandemo anasanduka ofiira n'kumayenderera kumabedi a mpiru. Ine ndinangoima beseni lili pamutu. Mwamunayo anandiyang'ana, anataya nkhwangwa n'kukhala pansi. Anthu atafika anamumenya ndi mipini mpaka mano kugwa, anamumanga ndi luzi, n'kumukoka ulendo wa kupolisiya.

Masana a tsiku lomwelo anandituma kuchitsime, poti anthu anachuluka pakhomo ndipo madzi anatha. Kumeneko kunali anyamata oumba njerwa za shikola, sukulu ya m'mudzimo, imene inkamangidwanso. Wamkulu wawo anali Mateyu, mnyamata wa mapewa aakulu ndi pakamwa posatopa.

"Ine ndinkayesa m'mutu mwa mzungu muli mawaya ngati a wailesi," ankatero Mateyu. "Kodi ndi bongo womwewu wa mbuzi? Tanyengedwa nthawi yaitali, anyamata."

Mnzake wina anadzigwetsa pansi n'kumaphiriphitha miyendo. Onse anafa nacho chiseko. Anandiona, koma sanasiye. Ndinatunga madzi anga, ndinabwerera, ndipo sindinauze munthu.

M'mawa mwake ndinadziwa koyamba za adzukulu. Awa ndi anthu a tsidya lina la mtsinje amene si abale a womwalira. Ndiwo amasambitsa mtembo, kuukulunga, kukumba manda ndi kuika, chifukwa achibale saloledwa kugwira ntchito zimenezi. Palibe anali atandiuza kuti adzukulu ali ndi ntchito inanso.

Tinakhala pabwalo ndi amayi ndi azimayi ena pamene mtsogoleri wa adzukulu, a Kandidu, anatuluka m'kanyumba mmene munali thupi. Anali atavala ovolosi ya atate ndi chipewa chawo, chomasulira wailesi atachipanira kukhutu monga ankachitira atate. Kumaso anali atadzola ufa kuti aoneke oyera. Ankayenda chopendekera kumanzere, ndendende mayendedwe a atate.

"Bondiya, bondiya, anthu akuda inu," anatero mokweza mphuno. "Ndine senyoro Zeka. Wandisungira mbewa zanga ndani?"

Anatembenukira kukhomo la kanyumbako. "Zeka, tadzuka iwe. Mzungu wanji wa ming'alu kumapazi? Anzako anathawa pa ndege, iwe unathawira ku Zambia wapansi, mbuzi ili pakhosi. Wachititsa manyazi azungu onse."

Azimayi amene ankalira anayamba kuseka misozi ili m'masaya. Ndinayang'ana amayi, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka, atagwira pakamwa ndi chitenje. Pamenepo m'mutu mwanga munachita mdima. Kwa ine anali Mateyu yemweyo, atangokalamba n'kulowa m'bwalo lathu. Ndinasolola chikuni pamoto n'kuwamenya nacho a Kandidu kumaso ndi mphamvu zanga zonse. Chikope chinang'ambika, makala anamwazika, magazi anatsika m'kati mwa ufa uja mpaka pakolala ya ovolosi. Ndinawalumanso padzanja, ndipo panafunika azimayi awiri kuti andichotse.

A Kandidu anavula chipewa ndi ovolosi, anaziika pakhomo bwinobwino, n'kutuma mwana kumanda. Posapita nthawi adzukulu onse anabwera, anaika makasu m'mphepete mwa bwalo, n'kuwoloka mtsinje osalankhula. Dzenje analisiya lofika m'mawondo.

Dzuwa linakwera. Ntchentche zinayamba kuunjikana pakhomo la kanyumba, ndipo fungo linayamba kutipeza pamene tinakhala. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, "Magazi achilendo ndi choncho." Wina anayankha kuti, "Angomutengera Zekayo kuboma ku Fingoe, mwina kumeneko kuli manda a anthu a mtundu wake." Amayi anamva zonsezi. Sanandimenye. Anagwira nkhuku yathu imodzi yokhayo, imene tinachoka nayo ku Zambia m'dengu, anaimanga miyendo n'kundipatsira m'manja.

"Jasinta, atate ako awolera m'nyumba muno, kapena akagona pafupi ndi makolo awo. Zili kwa iwe. Nyamuka."

Ndinawoloka mtsinje ndekha. A Kandidu ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, akazi awo akuwatsuka bala ndi madzi a mchere. A Kandiduwo anali ataika manja m'beseni, akuwakwecha ndi mchenga mobwerezabwereza. Ndinagwada n'kuika nkhuku patsogolo pawo, koma mawu opepesa anakana kutuluka.

"Dzanja lako ndi la Zeka, siliphonya," anatero osandiyang'ana. "Nkhope ya atate ako waiona m'mawa uno?"

"Ndaiona."

"Inali bwanji?"

"Ngati agona."

"Kudimba unawasiya ali choncho?"

Anatulutsa manja m'beseni n'kundionetsa. M'zikhadabo munali mwakuda, ndipo mano anga ankaonekera padzanja lamanja.

"Ndatola ndine, kachidutswa kamodzikamodzi, m'matope muja. Ndatsuka, ndabwezera m'malo mwake, ndamanga ndi mpango wa mkazi wangayu, kuti amayi ako athe kumuyang'ana mwamuna wawo. Ine ndi Zeka tinkaweta mbuzi limodzi. Iye ankanditcha khala, ine ndinkamutcha mzungu wa mbewa. Ndikanatsogola ndine, bwenzi lero iye atadzola mwaye kumaso akundinyoza pabwalo langa. Amayi ako sanalawe kanthu chichokereni dzulo. Ndikapanda kuwaseketsa ine, amutsatira."

Apo ndi pamene ndinalira koyamba chiphedwereni atate. Ndili m'kati molira ndinawauza za kuchitsime. Anandiuza kuti ndibwereze mawu a Mateyu monga anawanenera, ndipo ndinabwereza. Kenako anaimirira, anamanga kansalu pachikope, n'kuitana anzawo.

Njira yathu inadutsa pamene ankaumbira njerwa. A Kandidu anaima.

"Mateyu, ndamva kuti uli ndi nthabwala za maliro. Ndiye kuti ndiwe mdzukulu mnzathu. Tiye."

"Timangocheza, madala."

"Ifenso timangocheza. Khasu lako likukudikira."

Mateyu anayang'ana anzake, koma onse anali ataweramira zikombole zawo. Anatsatira. Anakumba dzenje lija limodzi ndi adzukulu mpaka manja kutuluka matuza. Matabwa kunalibe nthawi imeneyo, choncho atate anawakulunga mumphasa. Itakwana nthawi yotsitsa thupi, a Kandidu anauza Mateyu kuti alowe m'dzenjemo alandire mbali ya kumutu. Ndinali pafupi, ndipo ndinaona. Mphasa inali itanyowa mbali imeneyo. Pamene mnyamatayo anaikumbatira, madzi ofiirira anamutsikira pachifuwa ndi m'mikono. Sakanatha kusiya, chifukwa thupi lonse linali litatsamira iye. Atatuluka anathamangira kutchire, ndipo tonse tinamumva akusanza.

A Kandidu sanasiye nthabwala mpaka dothi lomaliza. "Zeka, wandisiyira mwana woopsa," ankatero akuloza kansalu kawo. "Ukafika uko uwauze kuti mdzukulu wako wavulala pantchito." Amayi anasekanso, ndipo ulendo uno sindinakwiye. Madzulo amenewo amayi anamwa phala. Pochokera kumanda ndinawaona a Kandidu ali okha pamtsinje akutsuka khasu, nkhope itanyowa, pakamwa pali potseka.

Atate anagona pakati pa makolo a mayi awo, ndipo ife tinakhala m'mudzimo. Ndinaphunzira m'shikola ya njerwa za Mateyu, kenako ndinapita kusekondale. Chizolowezi cholemba m'kabuku zimene ndaona tsiku lililonse ndinachiyamba chaka chimenecho, ndipo sindinachisiye.

Chimene chandikumbutsa zonsezi ndi gulu lathu la pafoni, mmene muli anthu ochokera kwathu ku Maravia, ena ali ku Tete, ena kutali. Posachedwapa wina anaikamo chithunzi cha wogula golide amene anaphedwa m'njira ya kumigodi. Anali munthu wochokera dziko lakutali, wakhungu losiyana ndi lathu, atagona m'fumbi mutu utaphwanyika. Pansi pake panayamba nthabwala za mphuno yake, za chakudya cha kwawo, za kalankhulidwe kake, ndi tizithunzi ta nkhope zoseka mpaka misozi. Mphunzitsi wina analemba kuti uku ndi kusankhana mitundu. Anamuyankha kuti asadzionetse kuphunzira. Wina anati anthu a mtundu umenewo nawonso amatinyoza, bwanji ife tiziwalira. Posakhalitsa anthu anayamba kutukwanizana okhaokha, wophedwa uja ataiwalika. Kenako mnyamata wina analemba kuti, "Musatiletse kuseka. Ife Achewa timaseka pamaliro, ndi chikhalidwe chathu."

Ndinafuna kumutukwana, koma ndinalemba funso limodzi lokha: "Ndani mwa inu amene wamusambitsa munthuyu?"

Ena anandiseka. Wina analemba kuti amulatu akwiya chifukwa wafa m'bale wawo. Kenako munalowa uthenga wa mawu, wa munthu amene salankhulalankhula m'gulumo. Anali Mateyu, amene lero ndi bambo wa imvi, womanga nyumba ku Fingoe.

"Ana inu, chotsani chithunzicho," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndinasekapo munthu wophedwa, kenako anandinyamulitsa. Mutu wa munthu umalemera. Chotsani."

Si onse amene anasiya, koma chithunzicho chinachotsedwa, ndipo mtsikana wina anafunsa ngati abale a malemuyo adziwitsidwa.

Mnyamata wa pafoni uja sananame, timasekadi pamaliro. Mawu a Mateyu kuchitsime ndi mawu a a Kandidu pabwalo ankakhudza khungu lomwelo la atate, n'chifukwa chake ndili mwana sindinathe kuwasiyanitsa. Lero ndimadziwa kuti kusiyana kwake kunali m'manja. A Kandidu ankaseka kuti amayi adye ndiponso kuti atate alowe m'manda ngati munthu wa pamudzi. Mateyu ankaseka kuti atate asakhale munthu. Pafoni tonse timaima patali ndi mtembo, manja ali oyera, fungo silitifika, ndipo mwana wa wophedwayo mwina ali m'gulu momwemo akuwerenga mwakachetechete ngati ine pachitsime paja. Ndikafuna kulemba kanthu za munthu amene waphedwa, ndimayamba ndayang'ana zikhadabo zanga. Zikakhala zoyera, ndimadziwa kuti nthabwalayo si yanga.