Mabuku a ku Wodi ya Chifuwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha singano. Nditamaliza Sitandade 6, m'zaka zija Chitaganya chitangoyamba kumene, ndinkasoka madiresi a ana kwathu ku Milonde. Abusa athu ataona kasokedwe kanga anandiuza kuti kumishoni ina, m'tsinde mwa phiri, akufuna munthu wosoka mabuku. Ndinaseka poyesa akunena nthabwala, koma posakhalitsa ndinanyamula mkeka ndi kabokosi kanga, ulendo.

Chipinda cha mabuku chinali kuseri kwa sukulu, moyang'anana ndi chipatala. Woyang'anira anali a Makwinja, mlembi wa mishoni, munthu wouma pakamwa. Anandionetsa zida: singano yaikulu, ulusi wopaka phula la njuchi, kampeni, zidutswa za nsalu ya kaliko ndi matabwa awiri opanikizira. Zomatira ndinkaphika ndekha ndi ufa wa chinangwa. Buku likathothoka ndinkachotsa ulusi wakale, kusanja masamba m'timagulu, kusoka kumsana, kumata kaliko, kenako kuliika pakati pa matabwa n'kusanjikapo njerwa mpaka liume.

"Phalalo likachuluka limaitana mphemvu, Esinati," anatero a Makwinja. Mawu awo a tsiku limenelo anathera pomwepo.

Ntchitoyo sinali yolemetsa. Chimene chinkandilemera ndi kukhala chete. Atsikana ophunzira unamwino anali ndi gulu lawolawo, ankaseka m'Chingerezi, ndipo ine ndinalibe polowera. Mphepo ya Chiperoni ikafika ndi nkhungu yake phiri linkasowa, chipinda n'kuda, ine n'kutha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Madzulo ndikati ndiimbe kanyimbo, mawu anga omwe ankamveka achilendo.

Pangodya panali bokosi la tiyi lodzaza mabuku akale a Chinyanja. Palibe ankawafuna. Ana asukulu ankalimbirana a Chingerezi oti awathandize pa mayeso, ndipo inenso a Chinyanjawo ndinkawaona ngati zinthu zotha ntchito. Amenewa ndiwo tinkatumiza ku wodi ya odwala chifuwa chachikulu, chifukwa lamulo linali lakuti buku likalowa m'menemo silibwerera. Wodwala amene anali nalo akatuluka kapena akamwalira, linkatenthedwa. Ndiye tinkaperekako zimene sitikanazilira. Ine sindinkalowa. Ndinkaima pakhonde n'kuika buku pazenera.

Pazenera lakumapeto pankagona a Mulepa, amene kale anali kapitawo m'minda ya tiyi. Akazi awo anali atamwalira, ana ali ku Halale, ndipo sindinaonepo munthu akubwera kudzawazonda. Tsiku lina ndikuchoka anandiitana.

"Mayi, mwaliwerenga ili musanandipatse?"

"Ayi bambo, ndangolisoka."

"Ndiye mwandipatsa chakudya chimene simunalawe. Taimani pomwepo, mumveko."

Bukulo linalibe chikuto, chiswe chinadya, moti dzina lake ndi la wolemba sitinkawadziwa. Inali nkhani ya anyamata awiri apachibale amene ankathawa ntchito yokakamiza limodzi ndi mayi wawo. Anafika pamtsinje wodzaza. Wamkulu anabereka mayiyo n'kuoloka, atalonjeza mng'ono wake kuti abwera kudzamutenga. Sanabwerere. A Mulepa anawerenga pang'onopang'ono, akuima kuti atsokomole, kenako anandifunsa chifukwa chimene mkuluyo sanabwerere.

"Anali wamantha," ndinayankha.

"Mwafulumira. Wolembayu akuti atatula amake anakhala pansi choyang'ana madzi mpaka dzuwa kulowa. Wamantha amathawa. Uyu wakhala."

"Kukhala n'kothandiza chiyani, mng'ono wake ali kutsidya?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anati iwowo anaoloka mtsinje wa Ruo ali paphewa la bambo awo, kuchokera kudziko la Apwitikizi, ndipo mlongo wawo anatsala kutsidya ndi azakhali.

Kuyambira pamenepo masana aliwonse ndinkapita kukaima pakhondepo. Iwo ankawerenga tsamba limodzi kapena awiri, mpweya ukawalola, kenako tinkatsutsana. Ankandiimitsa pa mawu amene ine ndikanawadumpha. Nthawi zina ankati, "Apa wolembayu wanama, munthu wanjala salankhula chotere," ine n'kumuikira kumbuyo wolembayo. Kuti ndizikhala ndi chowayankha, ndinayamba kutenga mabuku ena m'bokosi lija n'kumawerenga. Ndinapezamo mawu amene mayi anga ankalankhula kudimba, amene sindinkadziwa kuti munthu angawalembe. Ndinapezamonso anthu ouma mtima, ansanje ndi oseketsa, ofanana ndi a kwathu.

Mawu a a Mulepa ankanka nachepa. Masiku ena ankangoloza tsamba n'kupukusa mutu kuti lero ayi. Ndinawapempha kuti angondiuza mathero, koma anakana. Anati nawonso sanafikeko, ndipo sangasuzumire okha.

Tsiku lovuta linafika ndi chiperoni. Nditafika pakhonde ndinapeza zenera lili pululu, bedi lopanda zofunda. Wantchito wa m'wodimo, atamanga kansalu kukamwa, anati, "Atisiya m'bandakucha." Anandipatsa ndowa momwe munali mabuku awo, poti kutentha mabuku inali ntchito yanga.

Ndinasiya ndowayo panja n'kuthamangira kwa a Makwinja.

"Bwana, buku lija lilipo limodzi lokha. Bwanji tiliyanike padzuwa, tilisunge pakokha?"

"Chifuwa sichisankha buku, Esinati. Katentheni." Kenako ananena motsitsa mawu, "Palafini ali kuseri kwa chitseko. Musafulumire."

Kudzenje la zinyalala ndinamanga mpango kukamwa, n'kutulutsa bukulo ndi timitengo tiwiri. Pamene a Mulepa analekezera anaikapo tsamba la tiyi louma, ndipo kunali kutatsala masamba ochepa. Ndinanjuta n'kumatembenuza masambawo ndi kamtengo. Mvula yowaza inkawamatiza, ena ankang'ambika m'mphepete, koma ndinawerenga onse. Mkulu uja, atakalamba, anaolokanso mtsinjewo n'kukapeza mng'ono wake ali ndi banja, ali ndi zidzukulu. Mng'onoyo sanafunse kanthu. Anangomupatsa madzi akumwa ndi mpando, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kodi kumeneko kunali kukhululuka, kapena kumulandira ngati mlendo wapanjira? Ndinatembenuka kuyang'ana kuwodi, pakamwa pali yasa, ndikufuna kufunsa. Zenera linali litatsekedwa, akutsuka m'kati.

Ndinathira palafini. Bukulo linali litanyowa ndipo linavuta kupsa, moti ndinachita kulitakasa ndi mtengo mpaka ulusi umene ndinasoka ndekha unaduka. Nditabwerera ndinakhuthula bokosi lonse pansi, koma lina lofanana nalo munalibe. Zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya mabuku ndakhala ndikufotokozera aphunzitsi ndi abusa nkhaniyi. Wina anati anaimvapo ali mwana, koma dzina linamuthawa.

Chimene ndinatengapo n'chakuti buku silifa ndi chiswe chokha. Limafanso likasowa anthu awiri oti alikanganirane. Kuchokera tsiku limenelo sindinasokenso buku ndisanaliwerenge, ndipo sindinalitchenso lotha ntchito chifukwa chakuti palibe walifunsa. Munthu akabweza buku sindimangolilandira n'kuliika pashelefu. Ndimamufunsa kuti wakwiya ndi ndani m'menemo. Ena amadabwa n'kutuluka msanga, koma ena amakoka mpando.