Abakha a Mayi wa ku Tete

Amuna anga atawatumiza ku Mwanza kukagwira ntchito ya ukalaliki, ndinayamba kuweta abakha kuseri kwa nyumba yathu pa boma. Ndinakumba kadziwe, gaga ndinkakatenga kuchigayo. Azimayi anzanga ankanyansidwa, amvekere bakha ndi mbalame yauve. Koma adalaivala a mathiraki opita ku Mozambique ankaikonda nyamayo, ndipo ankagula osanenerera.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ija kunabwera mayi wina wothawa kuchokera ku Tete, wamasiye, ali ndi ana aakazi awiri. Anapeza kanyumba kumunsi kwathu, pafupi ndi mjigo. Tsiku lina anandipempha mazira anayi a abakha, ndinamupatsa mwachifundo. Sindinadziwe kuti mayiyo abakha ankawadziwa kuposa ine. Anapiye anga ankafa ndi chisanu cha mu Juni, ake ankagona mu dengu la mankhusu, osafa ndi mmodzi yemwe. Chaka chisanathe, adalaivala ankadutsa pakhomo panga osayang'ana, kukaima kwa iye, n'kumaseka naye m'Chipwitikizi.

Ndinapita kwa tcheyamani wa chipani wa dera lathu. Ndinawauza kuti abakha a mayiyo akuipitsa madzi a pamjigo, limene linali bodza. Ndinawonjezera kuti alibe khadi la chipani, chimene chinali choona.

Mawa lake masana anabwera kwa mayiyo ndi anyamata awo asanu. Sanafunse zambiri. Anawathamangitsa abakhawo pabwalo, akagwira n'kupotokola khosi, n'kuponya pamulu. Amene ankafungatira anamuzula pachisa, mazira n'kuwaponda ndi nsapato. Anthu anadzaza kudzaonerera, ine ndili pakati pawo, chidebe chili kumutu ngati ndangodzera kudzatunga madzi. Mayiyo anagwada, kupepesa m'chilankhulo chosakaniza chimene chinkangowaseketsa anyamatawo. Atandiona anakwawira kwa ine.

"Achemwali, auzeni inuyo. Mumandidziwa."

"Ine za anthu obwera sindizidziwa," ndinayankha.

Anyamatawo anamusenzetsa mayiyo abakha akufawo mu thumba mpaka kunyumba kwa tcheyamani, ana ake akulira pambuyo. Sabata isanathe anachoka. Ena ankati anapita kumsasa wa othawa nkhondo, ena ankati ku Thambani. Sindinafufuze.

Tsiku lomwelo la chipongwe, dzuwa lisanalowe, akazi a tcheyamani ananditumizira bakha mmodzi, wonona kwambiri, kuti ndi gawo langa. Ndinamusosola, mafuta ake achikasu akumata m'zala, ndinamuphika ndi tomato. Amuna anga anadya mpaka kunyambita zala, n'kundiyamikira kuti tsopano ndaphunzira kunenepetsa abakha. Inenso ndinadya, ntchafu yonse, ndipo inali yokoma.

Ndinawetabe abakha zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka anatisamutsira ku Blantyre. Ana anga akandifunsa za ku Mwanza ndimawauza za manachesi ndi fumbi la mu msewu.