Mwandida ndi Injini Yobiriwira

Mukafika pamsika wa Kafue n'kufunsa za Mwandida wa salaula, zovala zakale zija zochokera kunja, akuuzani kuti alipo awiri. Koma mukati wa matoyizi, ngakhale wogulitsa makala akulozerani. Ndi mayi wamfupi, wa mawu omveka kutsidya la msewu, ndipo ali ndi kachizolowezi kake. Akatsegula belo latsopano, asanaone n'komwe ngati madiresi ali bwino, amayamba wapisa m'matumba a makabudula a ana.

Amafunamo timabuloko tapulasitiki, tija ta mano pamwamba tolumikizana kena pa kanzake. Ana a kunja amatiiwala m'matumba, ndipo timawoloka nyanja mpaka kudzagwera m'manja mwa Mwandida. Anzake a pamsika adayamba ndi kumuseka, koma lero ndiwo amamusungira. Ndi timeneti amamanga chilichonse chimene munthu wapempha: minibasi ya dalaivala wina, tchalitchi cha abusa ake, ngakhale kanyumba koika pamwamba pa keke ya ukwati.

Komabe matama ake sali pa kumangako, ali mu sipuredishiti, tebulo lija la pakompyuta la mizere ndi timabokosi. Adaiphunzira akugwira ntchito m'sitolo ya zipangizo pa fakitale ina, ndipo ntchito itatha luso lidamutsata kunyumba. Kabuloko kalikonse kali ndi mzere wake: kukula kwake, mano ake, mtundu wake, ndi kontena ya ayisikilimu imene kamagonamo. Ikabwera oda amalemba zofunika zonse, ndipo chimene chikusowa chimafiira chokha. Mwandida sangaike kachikasu pamene payenera koyera, ngakhale pansi penipeni posaona munthu. Mwamuna wake Lastone, amene mapazi ake amadziwa bwino ululu wa kabuloko kopondedwa m'mamawa, amati mkazi wake akanakhala Nowa, chigumula chikanamupeza akulembabe mayina a nyama.

M'chipinda chakumbuyo kwa nyumba yawo ku Nangongwe munkakhala bambo ake a Mwandida, ba Fackson. Adachoka ku Chadiza ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo adakalambira pansi pa mainjini a sitima, sipanala ili m'manja. Pa mainjini onsewo adakonda imodzi, n'kuitcha Bertha, dzina la malemu mkazi wawo, ati chifukwa onse awiri ankavuta kudzutsa m'nyengo yozizira. Nkhani ya Bertha inkayamba chimodzimodzi nthawi zonse: adabwera wobiriwira, ndi mzere wachikasu m'mbali.

Chaka chino ba Fackson adalengeza kuti tauni yawakwana, akubwerera kumudzi kwa mlongo wawo mvula isanagwe. Mwandida adalira, adakalipa, adatuma ngakhale abusa, koma nkhalamba osatekeseka. Ataona kuti walephera, adalumbira kuti bambo ake sapita chimanjamanja. Awamangira Bertha wawo.

Adajambula injiniyo papepala monga bambowo ankaifotokozera, adalemba zofunika mu sipuredishiti, ndipo theka la tebulo lidafiira. Timabuloko tobiriwira ndi tosowa kwambiri m'salaula, kaya ana a kunjawo amatimeza. Adapisa m'matumba mpaka zala kuwawa. Adatuma anzake opita kukaoda ku Lusaka, amene adamubweretsera tofiira, tabuluu ndi kachidole kopanda mutu. Kumwamba mitambo idayamba kusonkhana, mphwawo wa ba Fackson adaimba foni kuti abwera ndi lole Loweruka, koma Bertha anali akadali mawilo okha.

"Faka chabe vamene uli navo," adatero Lastone.

"Iwe ungavale nsapato imozi ya bulaki, inangu ya waiti?" adayankha Mwandida, ndipo nkhani idathera pomwepo.

Lachinayi masana adaweruka msanga pamsika chifukwa cha mphepo ya fumbi. Atakhota pakona ya nyumba adaima chilili. Ba Fackson anali pakhonde, makontena onse a ayisikilimu ali yasa mowazungulira. Zimene adasanja zaka zambiri, zofiira pazokha, zoyera pazokha, zinali zitasakanizika ngati nyemba za pamsika.

"Nakutandiza, mwana wanga," adatero bambowo monyadira. "Wenze unasakaniza maningi. Twa meno folo nafaka umu, twa meno thuu umu, tutali tuli uko."

Mawu aukali adamufika pakhosi. Koma poyang'anitsitsa adaona kuti m'kontena iliyonse munalibe kabuloko kolakwika kukula, ngakhale kamodzi. Kenaka ba Fackson adapisa m'thumba la malaya, akumwetulira ngati munthu wobisa switi.

"Nakupezelako na ka gilini kamene ulila masiku yonse. Aka."

Kanali kofiira ngati tomato.

Mwandida adakalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Ankadziwa kuti maso a bambo ake akuvuta, ndipo achipatala adachita zimene akanatha, koma sankadziwa kuti zafika pamenepa. Nkhalambayo inkayenda m'nyumba moloweza, osagunda mpando, osadandaula. Chisoni chidamugwira, ndi manyazi omwe, kuti iye wodziwa pamene pagona kabuloko kalikonse sadaone zimene zinkachitika m'chipinda chakumbuyo.

Adalowa m'nyumba, adapukuta maso ndi chitenje, n'kutsegula laputopu. Adachita chimene sadachitepo chiyambire: adauza sipuredishiti kuti isiye kuyang'ana mtundu, iziwerenga kukula ndi mano basi. Timabokosi tofiira tonse tidayera nthawi yomweyo. Bertha anali m'nyumbamo kuyambira kale, ndipo bambo ake anali atamusanjira kale zipangizo m'makontena.

Lachisanu sadapite kumsika. Adamanga tsiku lonse, akukukuta mano pa kabuloko kalikonse. Denga lidatuluka labuluu, mbali imodzi yofiira, inayo yoyera ndi madontho akuda, chitseko cha dalaivala chapinki. Kofiira kamene adamupatsa bambo ake adakaika kutsogolo kwenikweni. Lastone atabwera ku ntchito adaizungulira injiniyo kawiri.

"Iyi ni sitima olo ni chitenge?"

Mwandida adamuponyera silipasi, koma naye adaseka, poti funsolo linali loona.

Loweruka m'mawa lole idafika. Matilesi, wailesi ndi bokosi lakale la zitsulo zidamangidwa kumbuyo, aneba atadzaza pabwalo kudzatsanzika. Mwandida adagwada pamaso pa bambo ake n'kuwaika injiniyo m'manja ngati mwana wopereka mayeso kwa aphunzitsi.

Ba Fackson adayamba kuipapasa. Zala zawo zidayamba ndi mawilo, zidakwera pa masitepe, zidayenda m'mbali mpaka pa hutala, n'kubwerera pa chitseko. Adachitsegula, adachitseka.

"Ni Bertha," adatero pang'onopang'ono. Kenaka adatembenuzira nkhope kumene kunali mwana wawo. "Ni wa gilini, ai?"

Lastone adatsokomola, akumutsinzinira mkazi wake kuti angovomera. Koma munthu amene sanganamize ngakhale kompyuta angawanamize bwanji bambo ake?

"Iyai, batate," adatero Mwandida. "Gilini inasowa. Ali na mitundu yonse. Mutenge ni wa buluu, chiseko ni cha pinki. Munikululukile."

Ba Fackson adaphulika kuseka. Adaseka mpaka kutsokomola, mpaka misozi kutsika m'makwinya, aneba n'kuyamba kuseka nawo asanadziwe n'komwe chosekacho.

"Ndiye Bertha weniweni uyo!" adatero atapeza mpweya. "Gilini yenze chabe pobwela, iwe ukalibe kubadwa. Pamene nenze kuchoka nchito, chiseko ninachosa ku injini inafa, mutenge ku inangu, mbali imozi tinapenta na penti inasala ku nyumba ya foromani. Ngati tenze kulindila vofanana, sembe Bertha anagona mu yadi mpaka lelo. Enze salaula, koma enze kuyenda!"

Mphwawo adafuna kuika injiniyo m'katoni kuti isaphwasuke pa mabampu, koma nkhalamba idakana. Idakwera kutsogolo kwa lole, Bertha ali pamiyendo, chala chili pa chitseko chapinki. Injini ya lole italira, ba Fackson adatulutsa dzanja pawindo, akufufuza mumphepo mpaka Mwandida adalipeza n'kuligwira.

"Nenze kuganiza ati unatengela amai ako vonse," adatero. "Kansi manja aya ni yanga."