Chifukwa Chimene Ndinagulitsira Mfuti Yanga Yampweya

Mfuti yampweya ija ndinaigula ku Cuamba kuti ndiziombera njiwa, koma njiwa sizidikira munthu. Amene anandidikira ndi galu wa apongozi anga, atagona padzuwa kwathu ku Ngauma. Ndinangofuna kuona ngati mfutiyo imalasa bwino, ndipo ndinamuphulitsa diso.

Apongozi ataona magazi anandifunsa, "Bambo, wachita zimenezi ndani?"

"Kapena a Saide oyandikana nafewa, mayi. Paja amadandaula za nkhuku zawo," ndinatero. Mpaka lero awiriwa sapatsana moni.

Mfutiyo ndinakaigulitsa ku Mandimba ikadali yonyezimira, n'kumunamiza wogulayo kuti ndikufuna yokulirapo. Anandiyamikira kuti ndine munthu wosamala zinthu.

Galuyo amandithamangirabe ndikafika, atapendeketsa mutu kuti andione bwino. Ine ndimatola mwala.