Ulonda wa Atate pa Geti

Kwathu ku Nangongwe kunali lamulo limodzi limene ngakhale mlendo tinkamuuza asanakhale pansi: atate akagona, osawagwira paphewa. Ukafuna kuwadzutsa unkapita kumapazi n'kuwafinya pakakolo kawiri. Mlongo wanga anaiwalapo lamuloli tili ana, ndipo anangozindikira ali kuseri kwa kabati, atate ataima pakati pa chipinda, akupepesa. Sitinafunse kuti mwambowu unachokera kuti. Tinkangoti ndi zausilikali.

Atate anali msilikali. Ndikatero anthu amaganiza za mamendulo ndi zipsera, koma iwo analibe zonsezo. Nkhondo yawo yonse anaimenya ali m'dzenje pafupi ndi mlatho wa njanji, pa mtsinje wa Kafue, masiku amene ndeke za azungu akumwera zinkabwera kudzaphulitsa milatho m'dziko muno. Agogo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, choncho atate ankati analondera njanji yomwe atate awo anaimanga mabawuti. Mfuti sanaombepo ndi kamodzi komwe. Ine, amene pakamwa panga sipanakhalepo ndi chotsekera, ndinkawaseka kuti adani awo anali udzudzu, ndipo ngakhale udzudzuwo ndi umene unapambana. Iwo ankangoseka n'kunena kuti mlatho ulipo, sitima ikuwoloka, nanga ndinkafuna chiyaninso.

Atachoka ku usilikali analondera fakitale ya nsalu mpaka inatsekedwa, kenako anakhala pakhomo, kulima repu kuseri kwa nyumba ndi kukhala mkulu wa mpingo. Ine ndimasoka zovala pamsika. Banja litandikanika ndinabwerera kwa makolo ndi makina anga, ndipo ndinaona ndi maso anga mmene mutu wa atate unayambira kutaya zinthu chaka chathachi. Poyamba zinali zazing'ono. Ankaika shuga m'ndiwo, ankafunsa za anthu amene tinaika m'manda kalekale. Tsiku lina m'mawa ananyamula kampando kawo ka ndalema, n'kukaika pageti, kuyang'ana kumene kuli mtsinje, ndodo itapingasa pamaondo. Kuyambira tsiku limenelo anakana bedi.

Sindikunena kuti ankagona pang'ono ayi. Anakaniratu kugona pansi. Kukada ankangosuntha kampandoko kukaika pakhomo la nyumba, n'kumawodzera ali chikhalire, ndipo kukacha ankabwerera pageti. Patatha milungu iwiri miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa. Anesi akuchipatala anatiuza mosabisa kuti mtima wa atate watopa, ndipo akapanda kugona miyendo ili m'mwamba, khungu ling'ambika n'kuchita zilonda zosapola. Ndinabwerako ndi mapiritsi m'chikwama.

Ndinayamba ndi njira yanga, yomwe ndi kukalipa. Ndinawauza kuti akutichititsa manyazi, kuti anthu odutsa akuti tawathamangitsa m'nyumba. Anandiyang'ana mofatsa ngati kasitomala amene wadziwa kuti telala akunama, n'kuyankha motsitsa mawu.

“Nili pa gadi. Munzanga akalibe kubwela.”

Yankho linali lomweli kwa aliyense. Amayi a chigwirizano anabwera Lachisanu lina kudzawapempherera, atavala mabulauzi awo oyera, n'kuwazungulira pageti paja. Atate anawalola kuimba ndime imodzi, kenako anawapempha mwaulemu kuti amwazikane, asaime mounjikana, chifukwa zoyera zimaonekera patali munthu akakhala kumwamba. Amayiwo anamwazikanadi, ena akuyang'ana kuthambo.

Mlongo wanga amakhala ku Kafue Estates ndipo amagwira ntchito ku Lusaka, choncho amakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi pulani yake. Atamva kuti atate akudikira wodzawalandira pa ulonda, anabwereka chijasi ndi majombo kwa mlonda wa ku ofesi kwawo. Loweruka masana tinangomuona akutulukira pakona, akuguba pakati pa msewu, mimba ili patsogolo. Anafika pamaso pa atate, anaponda pansi mwamphamvu mpaka fumbi, anachita sawatcha, n'kufuula kuti wabwera kudzawalandira. Atate anamuyang'ana kuyambira kumajombo mpaka kumutu.

“Iwe mwana, nkala pansi, bazakuona.”

Kenako anatembenukira kwa amayi n'kuwanong'oneza kuti mnyamatayu ayenera kupita naye kuchipatala. Ndinaseka mpaka kugwira mpanda, ndipo kusekako kunathera m'misozi, chifukwa pamene mlongo wanga ankavula majombo ndinaona kuti pamwendo wa atate payamba kuchucha madzi. Tonsefe usilikali tinkaudziwira pa perete wa pa wailesi yakanema, ndipo tinkaganiza kuti ndi womwewo.

Madzulo ake amayi anati mnzawo amene akunenedwayo ndi mmodzi yekha, amalume a ku Chanyanya. Sanali achibale athu. Anali Mtonga, msodzi, amene anakhala dzenje limodzi ndi atate. Tili ana ankabwera panjinga mwezi ndi mwezi atamangirira nsomba pakaliyala, ankakhala ndi atate pansi pa mtengo wa mango osalankhula zambiri, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Maondo ndi maso atayamba kuwavuta anasiya kubwera, ndipo ife, ndivomere, sitinapiteko kukawaona. Panali patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi, ndinatsika, ndinakwera galimoto ina yonyamula madengu a nsomba, ndipo ndinafika ku Chanyanya ndikununkha ngati ndagona m'bwato. Ndinawapeza pamthunzi akusoka ukonde ndi zala zokha, maso akuyang'ana kwina. Mwana wawo wamkazi, mayi wamkulu kundiposa, wa zidzukulu kale, anandiphikira tiyi. Nditafotokoza za kampando ndi ndodo, ndi za majombo a mlongo wanga, ndinkayembekezera kuti aseka. Sanaseke. Anaika ukonde pansi.

Kenako anandifotokozera. Anati m'dzenje lililonse munkakhala anthu awiri, wina akuyang'ana kumwamba ndi kumtsinje, wina akugona pamalo obisika chakumbuyo. Polandirana panalibe kuguba kapena sawatcha, chifukwa woimirira amaoneka. Wodzalandira ankakwawa kuchokera kumbuyo, ankafinya mnzake pakakolo kawiri, n'kulandira mfuti. Popanda zimenezo, wapaulonda sankachoka, ngakhale mvula igwe ya matalala.

Tsiku lina msodzi wina anafika ndi bwato pansi pa mlatho ndi uthenga woti akazi awo a amalume ali pakati pa moyo ndi imfa, mwana akukana kubadwa. Kupempha chilolezo kukanatenga masiku. Atate anauza amalume kuti apite, iwo agwira ulonda wa anthu awiri, bola abwerere pofika madzulo. Koma kupalasa bwato mokwera mtsinje si masewera, ndipo mwanayo anabadwa mawa lake. Amalume anakhalako masiku awiri. Masiku awiri amenewo atate anali okha m'dzenje, osagona, ataunjika bulangeti ndi chisoti pamalo ogona kuti wamkulu wa asilikali akadutsa aziti mnzawo ali mtulo. Tsiku lachiwiri ndeke ziwiri zinadutsa m'munsi kwambiri, kutsata mtsinje, ndipo atate anaziona okha.

Amalume pobwerera anapeza m'dzenje muli msilikali wina. Atate anali atawanyamula kupita nawo kuchipatala, malungo atawagwetsa, ndipo ngakhale m'malungomo ankaumirira kuti mnzawo anangomutuma kukatunga madzi. Chilango cha amalume chinathera pa kukumba zimbudzi mlungu umodzi. Atate atachira anawatumiza kudzenje lina, ndipo zaka zonse zotsatira, pansi pa mango paja, nkhaniyi sanaitchulepo.

“Sininamulandile,” anatero amalume. “Paka lelo.”

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinakumbukira nthabwala yanga ya udzudzu, imene ndinainena mwina kambirimbiri pamaso pa alendo, ndi mmene atate ankasekera nane. Ndinayang'ana mayi amene anandiphikira tiyi uja, akutsuka makapu chapatali, ndipo ndinazindikira kuti mwana wa m'nkhaniyo ndi iyeyo. Amalume anali atayamba kale kufunafuna nsapato zawo ndi phazi.

Tinafika ku Nangongwe dzuwa litapendeka. Titatsika minibasi ndinafuna kuwatsogolera molunjika kugeti, koma anakana. Anandifunsa kumene atate ayang'ana, ndipo anati ndiwadutsitse kwa aneba, tikalowere kuseri, kumunda wa repu. Titafika pampopi anandisiya dzanja. Anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, maondo akulira ngati chitseko chakale, n'kuyamba kukwawa. Kuchoka pampopi kufika pageti ndi mtunda woti mwana amathamanga osapuma, koma kwa iwo unali ulendo. Malaya awo oyera a kutchalitchi anadzaza fumbi. Ndinafuna kuthamanga kukawadzutsa, koma amayi anandigwira chitenje n'kundibweza.

Anafika kumbuyo kwa kampando, anapapasa pansi mpaka anapeza mwendo wotupa uja, ndipo anaufinya pakakolo kawiri, mofatsa. Atate sanadzidzimuke, sanatembenukenso. Mapewa awo okha ndi amene anatsika.

“Wachedwa,” anatero atate.

“Nachedwa.”

“Mwana ni mwamuna olo mukazi?”

“Ni mukazi.”

“Na bamai bake?”

Akazi awo a amalume anamwalira kalekale, ndipo atate anali nawo pamaliropo.

“Bonse bali bwino,” anayankha amalume.

“Chabwino. Ndeke zapita zibili, sizinaponye. Ulalo ulipo.”

Atatero anapereka ndodo ija ndi manja awiri. Amalume anailandira, anadzikoka n'kukhala pakampando pamene atate ankadzuka. Amayi anafika msanga n'kulowetsa phewa lawo m'khwapa mwa atate, ndipo awiriwo anayenda pang'onopang'ono kulowa m'nyumba. Ndinawatsatira. Atate anakhala pabedi, anandilola kuwakweza miyendo pamapilo awiri, anafunsa ngati madzi akumwa alipo okwanira mnzawo, ndipo ndisanayankhe anali atayamba kuliza mkonono. Anagona mpaka masana a tsiku lotsatira. Anakhala nafe miyezi ina isanu, ndipo masiku onsewo anagona pabedi. Pageti sanabwererenso.

Koma tsiku lija, nditatuluka m'chipinda, ndinapeza amalume ali pomwe paja, msana uli chilili, ndodo pamaondo, maso awo osaona bwinowo akuyang'ana kumtsinje. Ndinawathokoza, ndinawauza kuti zatheka, atate agona, alowe asambe. Sanasunthe. Nshima itapsa ndinawaitana kawiri, kachitatu ndinayamba kukweza mawu monga mwa chizolowezi changa. Mlongo wanga, amene anafika ndi galimoto atamva nkhaniyi, anaima patsogolo pawo n'kuwauza kuti akawasiya ku Chanyanya akangodya. Amalume anangopendeketsa mutu pang'ono kuti aone kuseri kwake.

Amayi anali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Anangondiyang'ana, kenako anayang'ana kumpopi.

Ndinazungulira nyumba. Pampopi ndinamanga bwino chitenje, ndinagwada, ndipo ndinakwawa m'mizere yomwe maondo a amalume anasiya m'fumbi. Timiyala tinandibaya m'manja, ndipo ndinkadziwa kuti aneba akuonera pampanda, ine mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wodziwika pamsika ponse ndi pakamwa. Sindinasamale. Kakolo wawo anali wowonda, wozizira, wa khungu lokhakhala ndi madzi a mumtsinje. Ndinafinya kawiri.

Anapuma mpweya wautali, n'kundipatsa ndodo ndi manja awiri.

“Uziyangana ku mulonga, mwana wanga,” anatero akuloza kumtsinje, ndipo mlongo wanga anawagwira mkono kupita nawo kukasamba m'manja.

Ndinakhala pakampando paja, ndodo ya atate ili pamaondo. M'nyumba ndinkamva mbale zikugundana, ndi amayi akukakamiza mlendo kuti awonjezere ndiwo, ndi mkonono wa atate kuchipinda. Patapita nthawi sitima ya katundu inalira chakusiteshoni, ikulowera kumtsinje. Sindinadzuke mpaka itawoloka.